Kukakumba Mpama wa ku Indiana

Chimene chinayambitsa ulendowu ndi pepala limene Joan anamata pachitseko cha firiji kunyumba kwake ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis. Linali lochokera kwa dokotala woona za kuiwala kwa okalamba, ndipo linkati Lolemba m'mawa amayi ake, a Chrissie, amene aliyense ankawatchula kuti aNambewe, akapimidwe mutu. Kuseri kwake kunali pepala lina limene Joan ankaganiza kuti walibisa bwino, la nyumba yosungirako okalamba, ya zitseko zotsegula ndi nambala. Joan anali namwino, nyumba zoterozo ankazidziwa mpaka kukhitchini. Amayi ake Chingerezi sankachiwerenga kwenikweni, koma chithunzi cha agogo atandandalikidwa pawindo sichifuna sukulu.

Mlandu wa aNambewe unali uwu. Mu Sepitembala, akuyenda m'mbali mwa kamtsinje m'nkhalango ya boma yoyandikana ndi kwawo, anaona chomera choyanga, masamba ngati a nyemba, maluwa ofiirira. Anachigwira tsinde, anachinunkhiza, n'kunena kuti pansi pake pali chakudya. Mawa lake anabwererako ndi mpeni wa kukhitchini. Mlonda wa nkhalangoyo anawapeza atagwada m'matope akukumba, akuyankhula okha, ndipo apolisi anawabweretsa kunyumba anthu a mumsewu wonse ali m'mawindo. Muzuwo sanaufike. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chinasanduka umboni. Akaiwala ketulo pamoto, umboni. Akafunsa kawiri kuti lero n'lachingati, umboni.

Chimene chinkawawawa si apolisi ayi. M'chaka cha njala cha 2002, kwawo ku Utale m'boma la Balaka, iwowa anapulumutsa ana anayi ndi mpama, chilazi cham'tchire chija chimene chimapha munthu wosadziwa kaphikidwe kake. Ankalondola tsinde louma kuchokera pamwamba pa chitsamba mpaka polowera pansi, n'kukumba mpaka m'chigongono. Ana a anzawo ena anaikidwa m'manda chaka chimenecho, koma awo onse anayi alipo. Joan anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankadya ngati anzake. Lero Joan yemweyo nkhani ya mpama sankafuna kuimva n'komwe.

Lachisanu madzulo aNambewe anamatula mapepala onse awiri n'kuwayala patebulo. Joan anayesa kufotokoza mwaunamwino, kuti n'kungopimidwa chabe, kuti palibe chimene chagamulidwa. Amayi ake anamusiya mpaka mawu anamuthera.

"Undipatse mawa lokha," anatero. "Ndikabwera chimanjamanja, unditsekere kumene ukufunako. Koma sunditsekera chifukwa cha chinthu chimene ndikuchidziwa."

Joan anakana. Anati ino ndi Novembala, zomera zonse zinauma, pawailesi anena kuti kumpoto kugwa sinowo, chipale chofewa chija, ndipo iye mawa ali ndi shifiti ya maola khumi ndi awiri. Ponena zimenezi ankayang'ana mwamuna wake, Edmond, kuti amve kuti lamuloli ndi lakenso.

Edmond ankakonza makompyuta payunivesite ina, ndipo anali munthu wosakonda phokoso. Zaka zitatu anakhala nyumba imodzi ndi apongozi akewo osadyera nawo patebulo limodzi, osagwirana nawo chanza ngakhale tsiku la Khirisimasi. Akakumana m'kakhonde ka m'nyumba, wina ankatembenukira kukhoma kuti mnzake adutse. Joan ankati n'zachikale, koma awiriwo ankazisunga mosakakamizidwa, chifukwa umo ndi mmene mkamwini ndi apongozi amalemekezerana. Choncho aNambewe sanayang'ane Edmond. Anayang'ana firiji.

"Ngati m'nyumba muno muli munthu wodziwa kudraiva, ine mawa ndikupita ku South Bend. Ngati mulibe, basi zilipo."

Edmond anayankha firiji yomweyo kuti m'galimoto mafuta alimo.

Ku South Bend kunali Tusekele, mnzawo wa aNambewe wa ku Karonga, amene ankasamalira mkazi wodwala wa mlimi wina wokalamba, bambo Eugene, kunja kwa mzinda. Tusekele anali ataonetsa mkuluyo tsamba ndi duwa zimene aNambewe anaumika m'Baibulo n'kumutumizira, ndipo mkuluyo anati chinthu chimenecho chadzaza m'ngalande ya kumapeto kwa malo ake, akabwere akakumbe, malowo ndi ake, palibe wa yunifomu angawagwire. Edmond anali atafufuzako pafoni mwakachetechete, n'kupeza kuti chomera chotere chimadziwika, koma tsamba louma limafanana ndi zomera khumi, zina zapoizoni. ANambewe atamva anati umboni wa pafoni saufuna. Anawachititsa manyazi ali chogwada, ndiye ayeretsa dzina lawo ali chogwada.

Ananyamuka kusanache, Joan atangotuluka. M'buti munalowa khasu limene aNambewe anabwera nalo kuchokera ku Balaka litakulungidwa m'zitenje, thumba la mpunga lopanda kanthu, fulasiki ya tiyi ndi mtedza wokazinga. Iwo anakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, ndipo Edmond anapotoza kagalasi kuti maso asakumane. Maola awiri ndi theka anadutsa m'minda ya chimanga chokolola kale, dziko lathyathyathya lopanda ndi chulu chomwe. Atapitirira Kokomo, kumpoto kunayamba kuda.

Anamupeza Tusekele pamalo okwerera basi pafupi ndi chipatala, atavala chipewa choyera chaubweya chokhala ndi kampira pamwamba. Asanakhale n'komwe anati bambo Eugene anena kuti ayambe afika kunyumba. ANambewe anasuzumira mitambo n'kunena kuti moni wa mkulu wosowa ocheza naye amatha ola lathunthu, ndipo ola limenelo alibe. Tusekele ankadziwa kageti ka kumbuyo. Anagwirizana kuti akumbe kaye, moni pambuyo. Palibe mmodzi mwa atatuwo amene anafunsa chifukwa chimene mkuluyo ananenera zimenezo.

Atayenda ola lina kumadzulo chakumwera, chimanga chinatha ndipo mchenga unayamba. Anasiya galimoto pakageti n'kulowa wapansi. Edmond, amene anali atakhala zaka khumi ndi chimodzi mu Indiana, sankadziwa kuti m'boma lomweli muli chipululu. Kunali zitunda za mchenga woyera, udzu wa apo ndi apo, mitengo yoyoyoka masamba, ndi tizomera taminga tamasamba onenepa titagona pansi titakhwinyata ndi kuzizira. ANambewe anapondaponda mchengawo n'kuseka koyamba m'miyezi iwiri. Anauza Tusekele kuti kuno ndi ku Utale kwa mu Okutobala, kungoti dzuwa lake analiiwala mufiriji.

Edmond anali atavala nsapato za ku ofesi. Asanakwere chitunda choyamba zinali zitadzaza mchenga, ndipo minga inali itamupeza m'kakolo. Foni inataya netiweki. Anauza Tusekele, kuti apongozi amve, kuti chomera cha m'mbali mwa madzi sichingamere pouma chonchi. ANambewe anauza Tusekele, kuti mkamwini amve, kuti pakati pa zitunda ziwiri pamakhala dambo, ndipo amene akufuna kubwerera kugalimoto njira akuidziwa. Tusekele anati iye sanabwere kudzakhala positi ofesi.

Pamchenga panali mapazi a agwape ambirimbiri, atsopano. Pamwamba pa chitunda nkhandwe yakuno, yaikulu ngati galu wa mlenje, inaima n'kuwayang'ana, kenako inatsetsereka mosafulumira. Tusekele ndiye anali patsogolo potsika, akuwerama m'zitsamba, kampira koyera kaja kakudumphadumpha.

Mfuti inalira. Nthambi ya pamwamba pa mutu wa Tusekele inaduka n'kumugwera paphewa. Anadziponya pambali, phazi linakodwa m'muzu, ndipo anagwa bondo litapotoka. Edmond anagwa chafufumimba, nkhope mumchenga. Ali chigonere anakumbukira zimene anzake a kuntchito anakhala akukamba sabata yonse, zoti Loweruka lino ndi tsiku loyamba losaka agwape ndi mfuti. Iwo analowa m'tchire la alenje atavala zotuwa ndi zofiirira, mmodzi ali ndi choyera chogwedezeka ngati mchira wa gwape.

Ananong'oneza kuti aliyense agone pansi. ANambewe anati gwape nayenso amagona pansi. Anamasula chitenje chimene chinabisika m'kati mwa chikhoti, chachikasu chowala, anachimanga kukhasu, anaimirira n'kulikweza m'mwamba, ndipo anayamba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu onse amene anali nawo. Sanali woimba bwino. Kwaya ya ku Utale inkawaika kumapeto, koma tsiku limenelo mawu awo anagwira ntchito.

M'mitengo munatuluka mwamuna wovala chovala cholanje, chowala ngati lalanje lakupsa, mfuti italoza pansi. Anali Mervin, mphwake wa bambo Eugene. Anayamba ndi kupepesa, kenako mantha anasanduka ukali. Anakalipa kuti akanapha munthu, kuti m'malo ano muli alenje ena anayi, kuti n'chifukwa chake amalume ake anati ayambe afika kunyumba akalandire zovala zolanje zoti alenje aziwaonera patali. Onse atuluke pompano. Edmond anamasulira mofewetsa, koma nkhope ya munthu sifuna womasulira.

"Auzidwe kuti mfuti yawo ndaimva," anatero aNambewe, akuyang'ana khasu. "Auzidwenso kuti ndikakumba ndituluka."

Mervin anafunsa kuti mayiyu akufuna chiyani chimene chingapose moyo. Edmond anasowa poyambira, ndiye anangonena zoona, kuti Lolemba akufuna kuwatsekera m'nyumba ya okalamba, ndipo chimene chingawatsegulire chili pansi pa ngalande ya amalume ake. Mlenjeyo anaika mfuti pansi. Amayi ake omubereka anali m'nyumba yoteroyo chaka chachitatu tsopano. Anavula chovala chake cholanje n'kupatsa Edmond, chipewa n'kupatsa aNambewe, ndipo anaitana anzake pawailesi yam'manja kuti mfuti zonse zikhale pansi. Anati ngalande ili kuseri kwa chitunda chachiwiri. Akamaliza atsate kumene madzi akupita, adzatulukira pamsewu, ndipo iye akawadikira pomwepo ndi galimoto. Sinowo ikayamba asadikire kuti ione ngati ikula, chifukwa yochokera kunyanja yaikulu ya kumpoto kuno imabwera ngati khoma.

Bondo la Tusekele linali litatupa kale. Mervin anamukweza pakanjinga kake ka matayala anayi. Akuchoka, Tusekele anakuwa kuti tsopano aona okha mmene atumizirane makalata.

Anatsala awiri. Anakwera chitunda chachiwiri motalikirana, aNambewe patsogolo, ndipo kuseri kwake dambo linalipo monga ananenera. Ngalande yakuda inkayenda pang'onopang'ono pakati pa zitsamba, ndipo zitsamba zonsezo zinali zitakutidwa ndi zoyanga zouma, zamitundumitundu, zopiringizana ngati ukonde wotayidwa. Mtima wa Edmond unagwa. Mu Sepitembala panali maluwa oti n'kuzindikira, koma lero zonse zinali zingwe zotuwa. Anatambasula dzanja kuti akoke chingwe china chonenepa chaubweya chimene chinakwera mtengo, ndipo aNambewe anauza mtengowo kuti chaubweya sichigwiridwa, kaya ndi ku Balaka kaya ndi kuno. Edmond anabweza dzanja.

Dzenje loyamba linatulutsa mizu yolimba ngati waya. Lachiwiri linadzaza madzi. ANambewe anavula magolovesi, anati nsalu siimva kanthu, ndipo anayamba kuyenda chogwada, akupapasa zingwezo chimodzichimodzi. China ankachisiya atangochikhudza, china ankachithyola n'kununkhiza. Sinowo yoyamba inatera pamsana pawo. Edmond anauza ngalande kuti nthawi yatha. Ngalande inangopitiriza kuyenda, ndipo nawonso apongozi anapitiriza kupapasa.

Pachitsamba china anapeza kakhoko kouma kangati ka nyemba kakulendewera pakachingwe kopyapyala. Anakalondola ndi zala ziwiri, kutsika nthambi, kuzungulira tsinde, koma chapakati kanaduka. Anayambiranso. Kanadukanso. Zala zinali zitachita dzanzi moti anaziika m'kamwa kuti zifunde. Kachitatu anapita nako mpaka pamene kanalowa mumchenga wonyowa, ndipo anaika chala pomwepo osachichotsa, dzanja linalo likufuna khasu. Edmond analikankhira pafupi ndi phazi.

Sanateme mwamphamvu. Anapala pamwamba, kenako anasiya khasu n'kulowetsa dzanja. Mpama wa kwawo umabisala pansi patali, koma uwu unali pafupi. Anakoka muzu woonda ngati chingwe cha nsapato, ndipo pachingwepo panatuluka chinthu chofiirira, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Anakokanso, panatuluka china. Kenako china, ndi china, zisanu ndi ziwiri pachingwe chimodzi. Anatswa chimodzi ndi chikhadabo, mkati munali moyera, mukutuluka timadzi tangati mkaka.

"Ndi uyu," anatero, mosakweza mawu.

Edmond anamva misozi ikubwera ndipo anachita manyazi, choncho anatsegula thumba n'kuyang'ana mkati. ANambewe anakumba zingwe zina zisanu, Edmond akuwerama kutola. Tating'onoting'ono aNambewe ankatibwezera m'dzenje n'kufotsera, chifukwa wokumba zonse amakumbira chaka chimodzi chokha. Pamene ankamanga thumba, chitunda chimene anatsika chija chinali chitasowa. Mitengo ya tsidya la ngalande inasowanso. Kunatsala zoyera zokhazokha zikuwomba cham'mbali, ndi madzi akuda pafupi ndi mapazi awo.

Mphepo inkawagwetsa aNambewe. Edmond anaika thumba paphewa, anagwira khasu kumutu kwake, n'kutambasulira mpini kumbuyo osatembenuka. Anamva mpiniwo ukugwiridwa. Anayenda choncho, khasu lili pakati pawo, akutsata madzi. Nsapato za ku ofesi zinali zitanyowa, ndipo zala za kumapazi anali atasiya kuzimva. Kawiri analowa m'matope mpaka m'mawondo. Ankawerenga masitepe kuti asaganize za china.

Kenako mpini unapepuka. Asanatembenuke, dzanja lozizira, lokakala, linalowa m'dzanja lake n'kuligwira zolimba.

"A Lucious, fulumirani. Ana agona ndi njala dzulo. Joan wayamba kutupa mapazi."

A Lucious anali amuna awo, ndipo anamwalira kalekale. Edmond anatembenuka, ndipo apongozi ake ankamuyang'ana m'maso mwenimweni, mosaopa, ngati munthu amene akhala naye moyo wonse. Mawu akanatha kuwatsutsa, kuti mwina wamva molakwa chifukwa cha mphepo. Dzanjalo sakanatha kulitsutsa. ANambewe odziwa kumene ali sakanamugwira ngakhale nyumba ikupsa. Anachita mantha kuposa mmene anachitira ndi mfuti ija, ndipo anamva chisoni chifukwa Joan sankanama.

Anayamba kumukokera kumanzere, kuchoka kungalande, kukwera mchenga. Ankati njira yachidule ya kumudzi ndi iyi, yodzera pa mlambe. Kumeneko kunalibe mlambe, kunali zitunda zopanda malire ndi sinowo yofika m'mawondo, ndipo munthu akataya ngalande sakanaipezanso. Edmond anayesa kunena dzina lake, kuti ndine Edmond, kuno ndi ku America. Anangomuyang'ana ngati waledzera, n'kukoka mwamphamvu. Mphamvu anali nazo zochuluka kuposa mmene thupi lawo linkaonekera.

Ndiye Edmond analowa m'dzina la munthu wakufa.

"Uko mtsinje wa Rivirivi wasefukira, mayi a Joan. Tidzere m'mbali mwa madzi muno. Sitili kutali."

Anaganiza pang'ono, n'kuvomera. Anatola khasu, ndipo anayenda atagwirana manja. Njira yonse aNambewe ankayankhula. Ankati akafika a Lucious akatole nkhuni zambiri, chifukwa madzi oyamba amatayidwa, achiwirinso amatayidwa. Ankati ana asauzidwe kuti chapsa mpaka iwo atalawa kaye n'kudikira chithunzithunzi cha nkhokwe chifike pamtondo. Akapanda kusanza, ana adye. Akasanza, a Lucious akwirire mphika wonse, ndipo ana awapititse kwa achemwali awo ku Ntcheu. Anawachenjezanso kuti asamuuze Joan kuti amayi ake lero ndi tsiku lachinayi osadya, mwana uja amaganiza kwambiri. Edmond ankangovomera kuti inde, inde, sinowo ikusungunuka kumaso kwake. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, mkazi wake anali asanamuuzepo chilichonse cha chaka chimenecho, ndipo tsopano anazindikira kuti zina Joan mwiniwake sankazidziwa.

Patsogolo panalira hutala ya galimoto, katatu, kenako katatunso. ANambewe anaima. Anayang'ana zoyera zowazungulira, anayang'ana chovala cholanje, kenako anayang'ana pansi, pamene dzanja lawo linali m'dzanja la mkamwini wawo. Analichotsa pang'onopang'ono n'kulibisa m'khwapa. Hutala inaliranso.

"Bambo a Shalom," anatero, akumutchula ndi dzina la mdzukulu wawo, ndipo aka kanali koyamba kumuyankhula iye mwiniwake. "Ndachokapo nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono chabe, mayi."

"Musandinamize. Kunyumba ondinamiza alipo kale."

Edmond anati mwina theka la ola. Anawonjezera, akuyang'ana thumba, kuti kuzizira kumasokoneza aliyense, ndipo iye sanaone kanthu, sanamve kanthu, Joan akaona mizu yokha. Ankanena ndi mtima wonse. ANambewe anapukusa mutu. Anati nkhaniyo si yake yoti anene kapena kubisa, ndi yawo. Anamupatsira mpini, ndipo anafika pamsewu khasu lili pakati pawo ngati poyamba.

Kunyumba kwa bambo Eugene anapeza Tusekele atasanjika mwendo pampando, bondo litamangidwa, pakamwa pali bwinobwino. Mkuluyo anatenga chingwe chimodzi cha mizu ija n'kuchitembenuza nthawi yaitali. Anati zaka makumi asanu wakhala akuchidula pampanda ngati udzu wovuta, koma tsopano wakumbukira kuti agogo ake ankakamba za mbatata ya anthu amene anali eni dziko lino azungu asanabwere, ndipo iye ankayesa ndi nthano. ANambewe anapempha mphika. Anawiritsa, anataya madzi, anawiritsanso, anatayanso, ngakhale Edmond ananena kuti pafoni akuti kuwiritsa kamodzi kokwanira. Analawa okha, n'kukhala pampando ola lathunthu manja ali pamiyendo, osalola aliyense kukhudza mphika. Kenako anagawa. Kukoma kwake kunali pakati pa mbatata ndi nzama. Mervin anadya zitatu n'kukulunga ziwiri kuti akapatse amayi ake.

Misewu yakumwera inali itatsekeka, choncho anagona ku South Bend kwa Tusekele. Joan anaimba foni kasanu ndi kamodzi. Edmond anangoti onse ali bwino, zina zonse akamva kwa eni ake.

Anafika ku Lawrence Lamulungu masana. Kumeneko sinowo sinagwe, kunali dzuwa lozizira. Joan anali pakhomo atavala yunifomu, mawu okalipa atawakonza kale, koma amayi ake anamudutsa n'kukakhuthula thumba patebulo la kukhitchini, mchenga ndi zonse. Zingwe za mizu zinagubuduzika mpaka m'mphepete. Joan anatola chimodzi. Anachinunkhiza asanaganize, mmene amachitira mwana wa ku Utale, ndipo nkhope yake inasintha. Anayamba kunena kuti mayi, mundikhululukire.

"Usafulumire," anatero aNambewe. "Khala pansi. Chakudyacho ndi ichi, sindinalote. Koma dzulo m'tchire muja ndinachokapo. Ndinawagwira dzanja amuna ako, ndinawaitana dzina la bambo ako, ndipo ndimathamangira kukakuphikira uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Theka la ola. Pakanapanda iwowa bwenzi mukundifuna ndi agalu."

Joan anayang'ana Edmond. Edmond anayang'ana mchenga wa patebulo.

"Kwa dokotala mawa ndipita, ndipo ndikayankhula ndekha, iwe ukangomasulira. Mankhwala akandipatsa ndimwa. Koma kunyumba ya manambala ija sindipita. Tsiku limene ndidzachokepo osabwerera, udzachite zimene unaphunzira kusukulu, sindidzakhalapo kuti ndikukanize. Lisanafike tsikulo, chitseko changa ndizitsegula ndekha."

Joan anayesa kuyankha ngati namwino, anatchula za sitovu, za msewu, za masiku amene onse ali kuntchito. Mawu anatuluka atatu anayi, kenako anagwira pakamwa n'kulira ngati mwana. Amayi ake sanamutonthoze. Anasankha zingwe ziwiri zokhala ndi mizu yaing'ono, anatuluka nazo kuseri kwa nyumba, n'kukaima pakona ya mpanda pamene madzi a padenga amatsikira. Anaponda nthaka ndi chidendene, n'kupeza kuti sinaume.

Anaitana Joan kuti abwere ndi khasu. Anabwera, maso ali ofiira, n'kulipereka. Iwo anakana kulilandira.

"Ukumbe ndiwe. Ndikuonetsa pobzala, kuya kwake, ndi kalondoledwe ka chingwe chikauma. Umvetsetse, chifukwa chaka chamawa mwina udzandifunsa ine n'kukuyang'ana ngati mlendo. Pamenepo udzandiuze ndiwe."

Joan anayang'ana yunifomu yake yoyera, anayang'ana nthaka yonyowayo. Anagwada, n'kufunsa amayi ake kuti ayambire pati.